Chitseko Choperewera Zala Ziwiri

1. Lula ya abambo

Dzina loti Kammisiri anamupatsa ndi abambo ake. Atsikana anzake akamasewera panja, iye ankakhala m'shedi ya abambowo, utuchi uli mbuu m'tsitsi, atagwirira thabwa kuti lisagwedezeke. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatha kungoliyang'ana thabwa n'kunena mainchi ake asanaliyeze, ndipo nthawi zambiri ankalasa.

Abambowo anamwalira iye ali m'kalasi lomaliza ku sekondale. Anasiya lula yoyezera, yathabwa yopinda, imene manambala ake anali atayamba kufufutika ndi thukuta. Anasiyanso matabwa asanu ndi limodzi pansi pa bedi, ndi khomo la chipinda cha amayi lopanda chitseko. Matabwawo anali a chitseko chimenecho. Amisiri anzawo anadzipereka kuti amalize ntchitoyo, koma amayi anakanitsitsa.

"Pakhomo apa pazikhala nsalu yomweyi," anatero. "Chitseko anachiyamba ndi abambo ake, adzachimaliza ndi mwana wawo."

Ndiye mwayi wokaphunzira ukalipentala kunja utapezeka, Kammisiri sanafunse kawiri. Ananyamula lula ija n'kupita kukakhala ndi azakhali ake, mlongo wa abambo akewo, amene anali namwino m'dzikomo kwa zaka makumi awiri.

Shedi ya kusukuluko inali ina. Munali mabenchi khumi ndi awiri, magetsi oyera ngati a m'chipatala, ndi mapaipi oyamwa utuchi usanagwe n'komwe pansi. Zonsezo anazizolowera. Chimene chinamukanika chinali manambala. Kumeneko inchi sankaidziwa. Chilichonse chinkayezedwa m'mamilimita, ndipo thabwa limene iye ankalidziwa bwino kuti ndi la mainchi asanu ndi imodzi linkasanduka nambala yaitali yopanda nkhope.

Sabata yoyamba anakweza dzanja n'kufunsa kuti mu inchi imodzi muli mamilimita angati. Kalasi inaseka. Wina kumbuyo anayankha mothamanga kuti alipo 25. Mtsikana amene kwawo sanakhalepo wachiwiri m'kalasi anatsitsa dzanja lija, ndipo sanalikwezenso.

Komatu yankholo linali loperewera. Inchi ndi mamilimita 25 ndi kanyenyeswa pamwamba, 25.4. Kanyenyeswako ndi kamene Kammisiri anakasiya pansi. Kuyambira tsiku limenelo ankayeza mobisa ndi lula ya abambo ake, n'kuchulukitsa ndi 25 m'mutu, kenako n'kutchera makina.

Mphunzitsi wa m'shedimo anali bambo wachikulire amene ophunzira ankamutcha Amagalasi, chifukwa magalasi awo ankalendewera pachifuwa tsiku lonse, ndipo ankawavala pokhapokha akamasaka cholakwika. Tsiku lina anamupezerera akupinda lulayo. Anaitenga, kuitembenuza, n'kumubwezera ndi manja awiri.

"Mwana iwe, lula iyi ndi yabwino, ndipo mwini wake ankaidziwa ntchito. Ndikuona pamene chala chake chinadya. Koma m'shedi muno mapulani, makina ndi mafelemu zonse zimayendera mamilimita. Iwe ukuyeza ndi muyeso wina n'kumasintha m'mutu, ndipo wosintha m'mutu sasowa chotaya panjira. Lero ukupanga timabokosi ndi timipando. Kabokosi kakachepa mbali zonse mofanana, palibe amene angadziwe, chifukwa kabokosi sikafunsa khoma. Koma likubwera tsiku limene ntchito yako idzayenera kulowa pamalo amene anapanga munthu wina. Ngati manambala athuwa akukuzunguza mutu, uzibwera masana ndizikuphunzitsa. Ine funso sindilipiritsa. Chimene sindifuna n'chakuti uzindibisira."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Kammisiri.

Kumva anamvadi, koma masanawo sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

2. Tsiku loyesa chitseko

Mayeso a kumapeto kwa teremu anali opanga chitseko. Kumbuyo kwa shedi kunali khoma lalitali lokhala ndi mafelemu a zitseko khumi ndi awiri omangiratu, iliyonse ndi muyeso wakewake kuti pasakhale woonera kwa mnzake. Aliyense anapatsidwa felemu imodzi, matabwa ake, ndi masiku asanu.

Kammisiri anasangalala mumtima. Chitseko! Akanafunanso chiyani? Anadikira kuti Amagalasi atembenuke, n'kutulutsa lula ija m'thumba la ovolosi. Felemu yake inali mainchi 80 m'litali ndi 32 m'lifupi. Anachulukitsa monga mwa masiku onse, natchera makina pa 2000 ndi pa 800. Tepi ya sukulu inali pabenchi pomwepo, ndipo akanangoitambasula kamodzi pa felemupo akanaona. Sanaikhudze.

Masiku asanuwo anagwira ntchito ngati wolipidwa pawiri. Molumikiza matabwa munali mothina moti tsitsi silikanalowa. Anapala chitsekocho mpaka chinasalala, ndipo anzake aja amene anamuseka ankabwera kudzachisisita n'kubwerera kumabenchi awo ali chete.

Lachisanu masana aliyense anakweza chitseko chake. Kammisiri anamanga mahinjesi, n'kuchikankha pang'onopang'ono. Chinayenda bwino popanda phokoso. Chinafika pa felemu, koma m'malo moti chigunde n'kuima, chinangoyandama. Pamwamba panatsala mpata umene kuwala kwa magetsi kunkadutsapo. M'mbali namo, kaloko sikankafika pabowo pake.

Amagalasi anavala magalasi. Analowetsa zala ziwiri pampata wa pamwamba uja, ndipo zinalowa bwinobwino.

"Unayeza ndi chiyani?"

Kammisiri anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa, unayeza ndi chiyani?"

Anatulutsa lula ija. Amagalasi sanakalipe. Anatenga choko n'kulemba pakhoma pomwepo: 80 kuchulukitsa ndi 25.4, yankho 2032. Kanyenyeswa kaja, katabwerezedwa maulendo 80, kanali katakula n'kukhala mamilimita 32.

Apa Kammisiri anakumbukira mawu a abambo ake, amene ankawanena pafupifupi tsiku lililonse: "Thabwa likatalika umalidula, koma likafupika sungalikoke. Thabwa si mphira." Anawakumbukira madzi atatayika kale.

3. Kalata ya sukulu

Zotsatira zinatuluka Lachitatu. Kusukulu imeneyi malikisi ankayambira pa 1 kukafika pa 10. Wopeza 10 ndiye katswiri, ndipo kuti munthu akhoze ankayenera kufika pa 6. Kammisiri anapeza 2.

"Ndakupatsa 2 chifukwa cha manja akowo," anatero Amagalasi atamuitanira patebulo lawo. "Kulumikiza kotere sindinakuone pa wophunzira wa chaka choyamba. Koma chitseko chosatseka si chitseko. Munthu sangagone kuseri kwake."

Anamupatsa kalata. Inkanena kuti wolephera ali ndi mwayi umodzi wokha wobwereza, m'masabata atatu, ndipo akalepheranso ataya malo ake n'kubwerera kwawo. Womuyang'anira ankayenera kusaina kalatayo pofika Lolemba. Ikapanda kubwera yosainidwa, mwayi wobwerezawo palibe.

Kammisiri anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba limodzi ndi lula. Anafika nayo kunyumba, kudya, kutsuka mbale, azakhali ake osawauza kanthu. Lachinayi linadutsa choncho, Lachisanu chimodzimodzi.

4. Nthungululu pa foni

Amayi ake ankaimba foni Loweruka lililonse masana, akabwerako kumsika kumene ankasoka zovala. Ulendo uno ngakhale moni sanamalize.

"Mayeso aja atuluka?"

"Atuluka, amayi."

"Ndiye ukudikiranji? Wapeza zingati?"

"Ndapeza 2."

Nthungululu imene inatuluka m'fonimo inamuchititsa kuichotsa kukhutu. Kwawo malikisi ankayenda chobwerera. Wopeza 1 ndiye anali katswiri, 2 n'kukhala wotsatira wake, ndipo wolephera ankapeza 9. Amayi ake ankazidziwa bwino zimenezo, popeza satifiketi ya mwana wawo inali yodzaza ndi ma 1 ndi ma 2, ndipo anaipachika pabalaza.

"Ndinadziwa ine! Mwana wa mmisiri! Abambo ako akanakhalapo lero bwenzi akuyenda chifuwa chili patsogolo msewu wonsewu."

"Amayi, kunotu..."

"Usadandaule za 1. Ameneyo akumana chifukwa ndiwe mlendo, eni dziko sangalole kuti uwapose poyera. Ife 2 yemweyo watikwanira. Unapanga chiyani pamayesopo?"

"Chitseko."

Kenako anamva amayi ake akulira, kulira kwa chimwemwe, kumene anali asanakumve chimwalirire abambo ake.

Mawu oti anene anali ochepa. Akanangoti, amayi, kuno 2 ndi wa kumchira. Anatsegula pakamwa, koma kulira kuja kunamutseka. Zaka ziwiri zonse mayi ameneyu sanasekepo kuchokera pansi pa mtima, ndiye iye amulande chimwemwecho lero?

"Zikomo, amayi," anatero.

"Tsala bwino, Kammisiri wanga."

Umu ndi mmene amayi ankatsekera foni nthawi zonse. Tsiku limenelo mawuwo anamuwotcha.

5. Tepi ya m'kabati

Bodza lake silinagone masiku awiri. Lamulungu masana azakhali anabwera kuchokera kuntchito, yunifolomu ili m'thupi, n'kumupeza kukhitchini akusenda anyezi. Anaika chikwama patebulo.

"Alamu anga andiimbira ndili pa basi. Akuti ndikugulire mphatso, wapeza 2." Anakoka mpando n'kukhala. "Ine ndakhala m'dziko lino zaka makumi awiri, mwana wa achimwene. Ndikumudziwa 2 wakuno."

Kammisiri anasiya mpeni. Anapita kuchipinda n'kubwera ndi kalata ija, yothithikana m'mopinda, ndipo anafotokoza zonse kuyambira tsiku limene kalasi inamuseka.

"Amayi ako wawauza kuti chiyani?"

"Sindinawanamize, azakhali. Anandifunsa nambala, ine n'kuwauza."

"Usandiyese mwana. Munthu akanyamula katundu wolakwika iwe ukuona, n'kumusiya apite naye, wamunamiza."

Azakhali anadzuka n'kulowa kuchipinda kwawo. Kunamveka kabati ikutseguka. Anabwera ndi kapaketi kapulasitiki kosatsegula, kofiirira ndi ukalamba, n'kukaika patebulo. M'kati mwake munali tepi yoyezera, ya mamilimita.

"Khala pansi ndikuuze za mwini lula ukuyenda nayoyo, chifukwa ndikuona ngati ukumulemekeza molakwika. Chaka chimene unalowa sekondale, kwanu kuja ankamanga chipatala, ndipo ankafuna mmisiri wa mazenera makumi anayi. Achimwene anapita. Anawapatsa pulani, yonse ili m'mamilimita. Akanatha kugwedeza mutu n'kukayerekeza kunyumba, monga wachitira iwemu. Koma anaibweza pamaso pa anthu n'kunena kuti, 'Pepani, manambala awa sindiwadziwa, ndingakuonongereni matabwa.' Ntchito inapita kwa wina. Sabata yomweyo anandilembera kalata. Sanapemphe nsapato kapena jekete ngati abale enawa. Anati, 'Chemwali, unditumizire tepi ya manambala atsopanowa, ndiphunzire pamodzi ndi mwanayu.' Munthu wa imvi, wa ntchito yodziwika tauni yonse, sanachite manyazi kunena kuti sindidziwa. Iwe wachita manyazi ndi ndani? Ndi ana anzako amene mawa adzakhala atakuiwala? Safunsa anadya phula, mwana iwe. Lula imeneyo abambo ako sankaipembedza. Ankaigwiritsa ntchito chifukwa ndi imene anali nayo, ndipo ankalakalaka iwe utadziwa zimene iwo sanazidziwe."

Kammisiri anayang'ana kapaketi kaja. "Nanga bwanji ili kuno?"

Azakhali anavula kawotchi kapachifuwa n'kukaika pambali.

"Ndinaigula mawa lake lomwe. Ndinkati ndidzapita nayo ndekha patchuthi. Tchuthi chinafika, ndinati chaka chamawa. Chaka chamawacho ndinatinso china. Ndinapita nayo kumaliro, n'kubwera nayonso. Ndiye ndikamakuuza kuti chinthu choyenera kuchita lero usachigoneke, sindikuwerenga m'buku."

Onse awiri analira, wina uku wina uko, anyezi ali pakati pawo.

"Kalatayi ndisaina," anatero azakhali akupukuta m'maso, "koma amayi ako akamva kaye zoona."

"Bwanji muwauze ndinu? Inu amakumverani."

"Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Foni ndi iyi."

6. Nyumba zisanu ndi ziwiri

Amayi anayankha foni itangolira kamodzi.

"Wachita bwino kuimba! Ukudziwa zimene ndachita? Matabwa a abambo ako aja ndawatulutsa pansi pa bedi. Ndawapukuta onse, ndawaimika pabalaza. Aliyense wolowa muno ndikumuonetsa kuti awa akudikira mwini wake, wa 2 uja."

"Amayi, ndimvereni kaye mpaka ndimalize."

Anawauza. Anayamba ndi malikisi, kuti kuno wokhoza kwambiri amapeza 10, ndipo 2 ali kutali ndi kukhoza. Anawauza za lula, za 25, za mpata wa zala ziwiri, ndi za kalata yonena kuti akalepheranso abwerera kumudzi wopanda pepala. Mawu ankatuluka modukaduka, koma sanasiyeko kanthu.

Atamaliza, amayi anayamba kumufunsa.

"Ndiye kuti dzulo lija unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Kuyambira liti?"

"Lachitatu."

Anamva mpando ukukokedwa, amayi ake akukhala pansi.

"Mwana wanga, kulakwitsa thabwa si nkhani. Abambo ako analakwitsapo ambirimbiri, ena tinkasonkhera moto, ena ndi mashelefu ali kukhitchiniwa. Ukanandiuza dzulo kuti amayi ndagwa, ndikanati dzuka, sasa fumbi. Chimene chandipweteka n'chakuti unandimva ndikuimba nthungululu, unandimva ndikulira, iwe n'kungondisiya. Ndayenda nyumba zisanu ndi ziwiri kuyambira dzulo. Ndafika mpaka kwa amisiri aja ndinawakaniza chitseko, kukawauza kuti mwaona, sindinalakwe kudikira. Unandiona ndikutuluka ndi chovala chong'ambika kumbuyo, osandiuza."

"Pepani, amayi. Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Wandikhumudwitsa kawiri m'malo mwa kamodzi. Mawa ndisanapite kumsika ndiyambira nyumba yoyamba, mpaka zonse zisanu ndi ziwiri zithe."

"Musatero, amayi! Ingozisiyani, aiwala."

"Ndinawauza zabodza, ngakhale sindinkadziwa. Ndikabweza ndekha. M'nyumba muno sitisunga za eni." Anapuma. "Matabwawa ndiwabwezera pansi pa bedi. Pabalaza pano angapindike."

"Amayi..."

"Upatse moni azakhali ako."

Foni inaduka. Kammisiri anakhala ataigwira kukhutu, kudikira mawu aja amene ankabwera nthawi zonse pomaliza. Sanabwere.

Azakhali anatenga cholembera m'thumba la yunifolomu n'kusaina kalata ija. Kenako anamukankhira kapaketi ka tepi.

7. Lolemba m'mawa

Anafika m'shedi anzake asanabwere. Amagalasi anali akuthira mafuta m'makina. Kammisiri anaika kalata patebulo lawo, ndipo pamwamba pa kalatayo anaikapo lula ya abambo ake.

"Aphunzitsi, mundisungire iyi mpaka nditamaliza. Ndipo masana ano ndibwera. Manambala anuwa sindiwadziwa."

Mawu omalizawo anatuluka movuta, ngati msomali wopindika. Amagalasi anapukuta manja bwinobwino asanaigwire lulayo. Anaikulunga m'kansalu koyera n'kuitsekera m'dilowa.

"Ikhala bwino muno. Pita ukayeze felemu yako."

Kammisiri anang'amba kapaketi kaja. Tepi imene inadikira zaka zisanu ndi chimodzi inatuluka movutikira, koma manambala ake anali akuda bii ngati olembedwa dzulo. Anaikoka kuyambira pansi mpaka pamwamba pa felemu, nawerenga mokweza: 2032. Anayezanso m'lifupi, nalemba zonse papepala. Chitseko chake chija chinali chikadali pamahinjesi, chokongola, chosathandiza.

Anabwerera patebulo.

"Ndayeza, aphunzitsi. Matabwa atsopano ndikatenge kuti?"

Amagalasi anamuyang'ana. Kenako anakweza magalasi aja pachifuwa n'kuwavala, ngakhale panalibe ntchito yoti ayendere.

"Kalata ija unaiwerenga mpaka pansi?"

Anali asanaiwerenge mpaka pansi. Anaitambasula, ndipo anapeza mzere womaliza umene unabisika m'mopinda.

"Sukulu ino imapereka matabwa kamodzi," anatero Amagalasi. "Kunja uko mwini nyumba sagula kawiri chifukwa choti mmisiri walakwitsa. Matabwa ako ndi omwe ali pamahinjesiwo. Uli ndi masabata atatu kuti chitseko chimenecho chitseke."

Kammisiri anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma kuja. Abambo ake anamuphunzitsa zonse zimene ankadziwa, ndipo chimodzi mwa izo chinali chakuti thabwa lofupika silikokeka. Pamwamba pa chitsekocho kuwala kunkadutsabe pampata wa zala ziwiri.